Mkamwini wa Mumtengo wa Mango

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha, chifukwa theka linalo ndi lamanyazi. Lero ndiulula yonse, museke mpaka mukhute.

Ndinabwerera ku Kande kuchokera ku Bulawayo ndi zinthu ziwiri: wayilesi ya batire ndi matama. Ndinkafuna kukwatira NyaChirwa, koma bambo ake, ada Chirwa, ankandiyang'ana ngati nsomba yadzana. Mwana wawo Yotamu, amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Kitwe, anali atatumiza uthenga woti Loweruka masana apereka moni pa wayilesi ya ku Lusaka. Ine kumva zimenezo, ndinadziguguda pachifuwa.

"Don't worry, ada! Yotamu mumumva ngati wakhala pamphasa pomwepa!"

"Tikamumva, za mwana wangayo tikambirana," anatero. "Tikapanda kumumva, ndiwe wabodza. Wabodza sindimupatsa mwana."

Loweruka m'mawa ndinamanga eriyo, waya wautali wochokera pakhonde lawo kukafika pamwamba pa mtengo wa mango. Waya wanga wa kopa unaperewera, ndiye ndinalumikiza ndi wina wakale wa pampanda.

Mudzi wonse unasonkhana. Ndinatsegula wayilesi ija. Shiii! Ngati usipa pachiwaya.

"Ndi Yotamu ameneyo?" anafunsa ada Chirwa.

"Ayi, ada, ndi weather chabe."

Ndinathira madzi pachitsulo chimene ndinakhomera pansi n'kumangapo waya wina wa wayilesiyo. Shiii! Ndinakoka waya kuti ulimbe. Shiii! Ndinagwedeza batire, ndinapemphera ndi Chingerezi chomwe. Thukuta linali kamukamu.

"Vuto lili kumwamba," ndinalengeza, n'kukwera mtengo nditavala thalauza langa loyera la ku Bulawayo.

Vuto ndinalipezadi. Polumikiza paja panali dzimbiri lokhalokha, ndipo nditangokhudza, waya unaduka. Ndinagwira mbali iyi ndi dzanja lamanja, inayo ndi lamanzere, n'kuzikanikiza pamodzi. Pansi panamveka gitala, mawu oyera bwino!

"Gwirani pomwepo! Musasunthe!" anakuwa anthu.

Nthawi yomweyo nyerere zofiira za mumango zinandipeza. Zinalowera kumiyendo, gulu lonse, n'kumakwera. Ndinayesa kuzikwecha panthambi, thalauza linati pweee, kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo. Ndipo amene anakhala pansi panga penipeni anali mayi a NyaChirwa, munthu amene mwambo sulola n'komwe kuti ndimuyang'ane kumaso.

Ndinasiya dzanja limodzi kuti ndibise manyazi. Shiii!

"Iwe! Bweza dzanjalo!" anakalipa ada Chirwa.

"Ada, thalauza langa..."

"Thalauza si mwana wanga! Gwira!"

Ndinagwira. Ndinamvera moni wa anthu onse a ku Ndola, a ku Luanshya, a ku Mufulira, misozi ili chuchuchu. Yotamu, Mulungu amukhululukire, anali womalizira, ndipo anatchula aliyense mpaka galu wapakhomo. Mayi aja analira ndi chimwemwe, maso ali pansi mwaulemu.

Nditatsika, nditadzikulunga m'chitenje chobwereka, ada Chirwa anandigwira dzanja.

"Yewo, mwana wanga. Sindiwe wabodza. Uwauze akwanu abwere tidzakambirane. Koma Yotamu wati Loweruka likubwerali alankhulanso, ndiye usachedwe kukwera."

Abale anga, musanadzitame ndi wayilesi kuchipongozi, yambani mwagula waya wokwanira.