Kakalata ka mayi a Limbani m'fayilo ya boma

Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchito yosunga zinsinsi za boma, sindinatayepo ngakhale chimodzi. Chomwe chinandipulumuka m'manja ndi changa chomwe.

Ntchito yanga kuno ku Glasgow ndi yowerenga malipoti akale a kafukufuku wa nyukiliya, omwe boma linatsekera, n'kuona ngati tsopano angaperekedwe kwa anthu wamba. Mzere woopsa timaudetsa ndi inki yakuda pa fotokope, wabwino timausiya. M'chipinda chowerengeramo simulowa foni, chikwama, ngakhale pepala la kunyumba. Lamuloli ndimalidziwa bwino (antchito atsopano amawaphunzitsa ndine).

Koma m'thumba la malaya munkakhala kakalata komwe malemu akazi anga, mayi a Limbani, anandilembera ali m'chipatala. Ine sindinkakawerengera ngati pepala. Ndinkangoti ndi iwowo.

Lachinayi lina ndili pakati pa lipoti lalikulu, belu loyeserera ngozi ya moto linalira. Poopa kutaya tsamba, ndinapisa m'thumba, n'kuika kakalatako pakati, n'kutsekera fayilo m'kabati, ine ulendo panja. Titabwerako anandiitanira ku msonkhano, ndipo fayilo inapita kwa wowerenga wachiwiri. Ndinadzakumbukira ndili m'basi ya ku Maryhill, dzanja litakhudza thumba lopanda kanthu.

M'mawa mwake ndinapeza bwana wanga, Mayi Moira, atavala magolovesi, kakalata kanga kali m'pulasitiki.

"Tapeza pepala lolembedwa pamanja m'chilankhulo chachilendo," iwo anatero. "Mulinso manambala."

"Ndi langa, bwana. Chimenecho ndi Chichewa."

"Sindikukukayikirani. Koma chopezeka m'fayilo ndi cha fayilo. Sichituluka chisanawerengedwe, ndipo mwini wake sangadziwerengere yekha. Akasowa womasulira wololedwa kuona mafayilowa, pepalali libwerera m'kabati limodzi ndi lipoti."

Sindinafunse kuti mpaka liti. M'kabatimo muli mapepala omwe analowa ine ndisanamere mano.

Womasulira anapezeka, mmodzi yekha m'nyumba yonseyo: Mayi Nabanda, injiniya wa pansanjika yachitatu. Ndi omwewo amene Lamulungu amakhala pabenchi ya amayi a Mvano n'kumandiyang'ana ndikamawerenga zolengeza monga mkulu wa mpingo. (Ndinapemphera kuti akhale ali patchuthi. Yankho linali lakuti ayi.)

Tinakhala atatu patebulo. Iwo ankawerenga mokweza mzere uliwonse n'kuumasulira, bwana akulemba.

"Bambo a Limbani, mapiritsi 2 m'mawa, 1 madzulo. Shuga masupuni 2, osati 4."

Manambala oopsa aja anathera pomwepo.

"Kutchalitchi nyimbo musamayambitse ndinu. Mumayambira kumwamba, mpingo umavutika."

Mayi Nabanda anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva ulaliki womufika pamtima.

"Kabudula wam'kati wobooka uja mutaye. Ndikudziwa kuti munamubisa kuseri kwa sutikesi."

Bwana anaweramira pepala lawo, akubisa kuseka. Mayi Nabanda anatsitsa mawu, n'kundifunsa m'Chichewa: "A mkulu, munataya?"

"Masulirani zolembedwazo, mayi."

"Ehe, ndiye kuti alipo."

Unatsala mzere womaliza. Umenewo ndimaudziwa pamtima, ndipo ndinayang'ana pansi kudikira kuti nawonso uyende pamphepo. Koma Mayi Nabanda anauwerenga chamumtima, kawiri ndithu, kenaka anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. Anatenga cholembera chakuda chija, n'kudetsa mzere wonse pa fotokope.

"Mumzere uwu mulibe za boma, ndasainira," anatero. "Koma sukutuluka."

"Fomu ikufuna chifukwa," anatero bwana.

"Chitetezo cha banja."

Mayi Moira anandiyang'ana kanthawi, n'kulemba momwemo.

Kakalata kanabwerera m'manja mwanga tsiku lomwelo, kumbuyo kwake kuli chidindo chakuti kaloledwa kutuluka. Ndinalandiranso kalata yondichenjeza, ndipo inandiyenera. Masiku ano mayi a Limbani amandidikirira m'lokala yosiyamo katundu pakhomo, limodzi ndi foni, ndimakawatenga poweruka. Za mzere womaliza uja, inunso owerenga musavutike kufunsa.

Lamulungu lotsatira nditangokoka mpweya kuti ndiyambitse nyimbo, Mayi Nabanda anatsokomola kamodzi, n'kuiyamba okha pansi bwinobwino. Mpingo unaimba mosangalala moti ndinakayika kuti mwina unkadikira tsikuli kuyambira kale. Pamenepo ndagonja. Shuganso ndatsitsa, ndafika pa masupuni atatu.

Koma kuseri kwa sutikesi sindinagwireko. Kabudulayo anandigulira ndi mayi a Limbani.