Umphawi Wobwereka

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma poti Kabwata yense akuidziwa kale, ena mpaka akuithira mchere wawo, bola muimve kwa mwini wake. Sekani, koma mukandipeza pamsika musandiloze chala.

Ine ndine amake Dalitso, ndimagulitsa kapenta ndi nyemba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mutu wanga sutaya kanthu. Ndingakuuzeni chitenje chomwe munavala pa ukwati wa mlamu wanu, inu eni ake mutaiwala. Ndipo pa nkhani ya zovala, kafunseni amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu. Ine Lamulungu ndikamalowa, makosi amatembenuka.

M'nyumba ndimakhala ndi Taonga, mwana wa malemu mchimwene wanga. Mwana ameneyu Mulungu anamuikira kanthu pakhosi. Masana amalongedza sopo m'makatoni kufakitale ina ku Heavy Industrial, akaweruka amadzitsekera kuchipinda n'kumaimba. Gitala, keyboard, laptop, maikolofoni, zonse anagula yekha chimodzichimodzi, masiku ena akuyenda wapansi kuti asunge ya basi. Amatenga nyimbo zakale za kwathu ku Chadiza, zija amayi ankaimba posinja, n'kuzipatsa moyo wina woti ngakhale anyamata a m'minibasi amatsitsa wailesi kuti amve.

Koma chaka chimenecho anali atatopa. Anandiuza yekha tikusankha nyemba kuti, “Ba aunty, nalema. Nayesa komaliza. Ikakanika iyi, nigulisa gitala.”

Chomwe anayesacho chinali grant. Ndinamufunsa ngati ndi ngongole.

“Iyayi, grant sibabweza. Boma ipasa woimba ndalama kuti alipile studio na ba band, apange album yake.”

Ndiye tsiku lina analowa pageti akuvina, chikwama chili pamutu.

“Ba aunty, nafika pa shortlist! Bazabwela pa Friday ba ku ofesi ya za luso, kuona mwamene nikhalila na mwamene nisebenzela!”

Tinavina tonse. Koma mawu aja akuti “kuona mwamene nikhalila” anandikhala pamtima. Ine a boma ndimawadziwa. Ndikukumbuka bwino chaka cha njala ku Chadiza, atabwera olemba mayina a chimanga: malume anga anawadumpha chifukwa cha njinga yomwe inali pakhonde, njinga yopanda ngakhale tcheni!

Ndinakaitana aneba anga, bana Mulenga, ndiye kuti amake Mulenga, pampanda.

“Shani bana Dalitso, nkhope yabwanji iyo?”

Ndinawafotokozera. Anagwira chibwano.

“Awe mwandi, mwachita bwino kuniuza. Sister wanga ku Kanyama banamuchosa pa list ya thandizo chifukwa cha fridge. Fridge yakufa, asungilamo nsapato! Boma sipasa munthu ali na vinthu.”

“Nanga titani?”

“Musiyile ine.”

Lachisanu m'mawa Taonga anapita kuntchito. Anati apempha kuti aweruke masana, alendo asanafike.

“Ba aunty, mukonzeko chabe m'nyumba.”

Ndinakonzadi!

Tinayamba ndi TV. Kenako sofa. Fridge tinaikwezera pawilibala, bana Mulenga akukankha ine ndikugwira chitseko kuti soseji zisagwe. Makatani, kapeti, wotchi ya pakhoma, mbale zanga zagalasi, zonse ulendo wa kwa aneba. Titalowa kuchipinda kwa Taonga, bana Mulenga anaika manja pamutu.

“Lesa wandi! Ivi ndiye voopsa maningi. Bakaona keyboard iyi bazakamba ati uyu mwana ni wa kumayadi, ku Kabulonga!”

Tinasesa zonse, ngakhale zingwe. Panangotsala msomali pomwe pamakhala gitala.

M'malo mwake ndinayala mphasa yakale, ndinaika mbaula pakati pa sitting room, chidebe chobooka pakona, ndi mtondo wanga wakale womwe unkangokhala kuseri kwa nyumba. Ndinavala chitenje chomwe ndimakolopera. Patapata imodzi ndinaimanga ndi waya. Mafuta sindinadzole, ndinapaka kaphulusa m'miyendo ndi m'masaya. Nditadziyang'ana pagalasi, tisanalinyamule nalonso, ndinadzimvera chisoni ndekha.

Bana Mulenga anakhoma nyumba yawo ndi loko wamkulu n'kunyamuka kupita ku mapemphero ku Emmasdale.

“Mulile maningi!” anandilangiza ali pageti.

Alendo anafulumira. Dzuwa lisanafike pamutu, galimoto yoyera inaima panja. Munatuluka mayi wamagalasi, Madam Tembo, ndi bambo wa imvi wonyamula faelo, ba Sakala.

“Odi! Ndiye panyumba pa Taonga?”

Ndinatulutsa mawu a munthu yemwe wagona m'chipatala mwezi wathunthu.

“Lowani ana anga. Koma mpando kulibe.”

Analowa, anayang'ana uku ndi uku. Ba Sakala anakhala pamphasa mawondo akulira. Madam anangoima.

“Taonga ali kuti, amayi?”

“Wapita kukafuna kakudya. Kaya apeza.”

“Tingaoneko pamene asebenzela?”

Ndinawatsegulira chipinda ndikutsimphina. Anayang'ana makoma. Anayang'ana msomali.

“Gitala ili kuti?”

“Gitala? Mwana wanga, ife pano ngakhale supuni timabwereka.”

“Koma anatiuza kuti ali na ka studio panyumba. Keyboard, laptop...”

“Aaa, maloto a ana amasiye.”

Madam anatenga faelo kwa ba Sakala n'kulemba kanthu. Mtima wanga unati, eya, zikulowa! Ndiye ndinawonjezera moto.

“Kunena zoona, ngakhale kuimbako anasiya. Njala. Akati atsegule pakamwa pamangotuluka mphepo.”

Apa ndinagwetsa ndi msozi, weniweni, chifukwa phulusa linali litandilowa m'diso.

Madam anatseka faelo, phaa!

“Ba Sakala, tiyeni ku Chelstone. Tataya nthawi.”

“Mwalemba kale dzina lake?” ndinafunsa mokondwa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Amayi, ise sindise ba welfare. Sitipasa munthu chifukwa avutika. Tipasa woimba wamene agwila nchito, kuti nchito yake ipite pasogolo. Tabwela kuona vilimba vake na kumvela nyimbo zake. Manje imwe mwatiuza kuti vilimba kulibe, kuimba analeka, na vamene anatilembela ni maloto. Grant tizapasa wina.”

Abale inu! Phulusa lija ndinalimva likuyabwa thupi lonse.

Nthawi yomweyo geti linalira. Taonga analowa akuthamanga, ovolosi ya kuntchito ili m'thupi, thukuta kamukamu. Anaima pakhomo. Anaona mbaula. Anaona ine. Anathamangira kuchipinda kwake, ndipo kukuwa komwe kunachokera kumeneko agalu a mumzere wonse anayankha.

“Ba aunty! Batibela! Bakawalala! Bakumenyani? Mwaoneka bwanji so?”

“Sanatibe, mwana wanga.”

“Nanga vinthu vanga?”

“Zili... zili pa holide kwa bana Mulenga.”

Ndinaulula zonse nditagwada, za njinga ya malume, za fridge ya ku Kanyama. Ba Sakala anayamba kutsokomola chitsokomolo chachilendo, nkhope atabisa m'chipewa.

Tinathamangira kwa aneba tonse anayi. Loko ali pa! Ndinaimba foni. Bana Mulenga anayankha kumbuyo kukumveka ng'oma ndi ma aleluya.

“Nili mu prayer! Vayenda bwino? Mwalila?”

“Kiyi, bana Mulenga! Kiyi!”

“Ili mu bra! Nizabwela m'mazulo!” Foni thii.

Ba Sakala anasuzumira pawindo, manja atatchinga m'maso.

“Madam, vilipo zoona. Gitala ili pamwamba pa fridge. Keyboard bagoneka pa sofa, baifundika na bulangeti.”

“Inali kuzizidwa?” anafunsa Madam. Sanaseke. Anayang'ana wotchi yake. “Taonga, kuona pa window si kumvela. Kuli munthu wina atiyembekeza. Pepani.”

Ine ndinkayembekeza kuti mwana alira, kapena anditukwana pamaso pa anthu, ndipo akanatero sindikanamuyankha. Koma Taonga anangopuma mpweya wautali. Anavula ovolosi, anaipinda bwinobwino, n'kunena mwaulemu:

“Madam, nipaseniko nyimbo imozi chabe. Mukaimvela, muyende.”

Tinabwerera m'nyumba yanga ya umphawi. Anayang'ana mphasa, mbaula, chidebe. Maso ake anaima pa mtondo. Anautulutsa pabwalo pamodzi ndi chidebe ndi mphasa, anathira mumtondomo mtedza womwe ndinaiwala kubisa, n'kundipatsa munsi.

“Ba aunty, sinjani.”

“Ndikasinthe kaye chitenje...”

“Iyayi. Mwamene mulili.”

Chilango changa chinali chimenecho, ndipo ndinachilandira.

Ndinayamba. Du! Du! Du! Iye anakhala pansi, chidebe chobooka chili pakati pa miyendo, zala zikuyenda pamwamba pake ngati mvula yoyamba padenga la malata. Kenako anatsegula pakamwa.

Inu, ine mwana ameneyu ndamumva akuimba kuseri kwa chitseko zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ndi pomwe ndinamumva. Inali nyimbo ya mkazi yemwe akuuza mtondo wake zinsinsi za m'banja, n'kumaupempha kuti usakaulule kwa apongozi. Mawu ankayambira pansi ngati akunong'oneza, kenako n'kukwera mpaka tsitsi la m'khosi kuimirira. Pena ankaseketsa, pena ankakulasa mumtima. Amayi a mumzere mwathu anasiya zochapa n'kudzaunjikana pampanda. Wogulitsa makala anaimika njinga pamsewu.

Ba Sakala anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, kukhosi kwawo kukutuluka besi yomwe sindinkaiyembekeza kwa munthu wa faelo. Madam anavula magalasi n'kumawapukuta, kuwapukutabe, magalasi oyera kale.

Nanga ine? Pofika pa kolasi magazi a ku Chadiza anandikwera. Ndinayamba kuvomera ndi mawu onse, munsi ndikuuponya m'mwamba, kuwomba m'manja, n'kuuwakha usanagwe. Chiuno nacho chinayamba zake. Patapata ya waya inauluka mpaka kukagwera pafupi ndi geti.

Nyimbo itatha kunamveka nthungululu pampanda ponse. Madam anavala magalasi ake n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amayi, si imwe munali kufa na njala?”

“Ndachira, Madam.”

Apo ndiye anaseka mpaka kukhala pansi pamphasa ija anaikana. Anatsegula faelo, anakhwatcha zomwe analemba poyamba, n'kumuuza Taonga kuti munthu woimba chotero ndi chidebe, iwo akufuna amve zomwe angachite ndi studio.

Grant anaipeza. Album anakajambulira ku Woodlands, ndi oimba enieni, ndipo mtondo wanga unapita nawo pa taxi, mpando wakutsogolo. Lero Taonga akaitanidwa kukaimba, gitala ija amati agulitsa imakhala pamsana. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Amangoti akamachoka, “Ba aunty, lelo musakonze m'nyumba.”

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo? Mwaiwala foni ya ba Sakala.

Vidiyo ija a ku ofesi anaiika pa intaneti kuti anthu aone oimba omwe athandizidwa. Inayenda foni ndi foni mpaka inafika kutchalitchi kwathu. Taonga akuoneka ngati mngelo. Pambali pake pali chimayi chotuwa ngati chatuluka m'chigayo, chitenje chong'ambika, phazi limodzi lopanda nsapato.

Lachinayi lotsatira ndikumva nyimbo pageti. Amayi a chigwirizano, yunifolomu zoyera mbee, ali pamzere. Wina wasenza thumba la ufa, wina sopo, wina kabotolo ka mafuta odzola. Patsogolo amayi Mwale, atcheya athu, nkhope ya pamaliro.

“Amake Dalitso, mwatilakwira. Kuvutika chonchi osatiuza? Ife kumangoona madiresi Lamulungu, osadziwa kuti kunyumba kuli Yobu!”

“Ayi amayi, inali sewero chabe! Taonani sofa iyi, TV, fridge...”

Anandigwira dzanja mwachifundo.

“Musadzivutitse, tamva zonse. Anthu anakuonani mukuzituta kuchokera kwa bana Mulenga pawilibala. Kubwereka mipando kuti mubise manyazi! Mubweze za eni ake, mayi. Umphawi si tchimo.”

Ndinayang'ana kumpanda kuti bana Mulenga andichitire umboni. Anali atagwira pamtima, akupukusa mutu ngati nawonso akundimvera chisoni. Mfiti!

Anandipempherera. Anandiimbira. Kenako amayi Mwale anatsegula pulasitiki.

“Takusankhirani m'katundu wa osowa. Yatha pang'ono m'khwapa, zipi ndi yakufa, koma kwa munthu wopanda kanthu ndi chovala ndithu. Kaya anapereka ndani chinthu chotere, Mulungu amukhululukire.”

Anaitambasula pamaso pa onse. Diresi yobiriwira, ya maluwa achikasu, yopsa ndi ayironi kumbuyo.

Ndinakuuzani kuti mutu wanga sutaya kanthu. Inali diresi yanga yomwe, ndinaipereka ndekha pa Pasaka.

Ndinagwada n'kuilandira ndi manja awiri.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikamapereka zovala za osowa ndimasankha zabwino, poti ndinaona ndi maso anga kuti zimabwerera.