Chimbudzi cha Apongozi

Ku Golomoti konse kunalibe munthu wodana ndi chimbudzi choyera ngati malemu a Evaristo. Iwo anali oyendera ukhondo m'midzi cha m'ma 1954, ndipo chida chawo chinali mphuno basi. Amatsamiritsa njinga pamtengo, n'kulowetsa mutu m'chimbudzi, n'kukoka mpweya ngati munthu wosankha fodya pamsika. Chikanunkha amamwetulira. Chikapanda kununkha, nkhope imachita tsinya.

Chifukwa chake chinalipo. Boma litalamula kuti khomo lililonse likumbe chimbudzi, anthu anakumbadi, n'kufolera bwinobwino, n'kumapitabe kutchire monga kale. Dzinja likafika, mvula imakokolera zonsezo kudambo komwe amayi amatunga madzi, kamwazi n'kuyamba kutola ana.

Kwa a Laisoni anapeza nkhuku ikufungatira mazira pambali pa dzenje.

"Mwini chimbudzi ndi ameneyu?" anafunsa a Evaristo.

"Ayi bambo, timalowamo tonse."

"Nanga kangaude wayala ukonde pabowoyu, mumamupempha kuti ayambe wasuntha?"

A Nasoni atamva kuti chofunika ndi fungo, anathira matumbo a nsomba m'dzenje lawo. A Evaristo ananunkhiza kamodzi n'kulavula.

"Mlamba uwu, wa dzana. Munthu sanakhalepo pano."

Kuseri kwa midzi amayenda ndi ndodo, akuloza milu yakuda ndi ntchentche, n'kumatchula eni ake. "Uwu ndi wa a Bizeki, adya mango osapsa." Ndipo samaphonya. Chimene chimawanyansa kwambiri n'chakuti ntchentche zomwezo zimakatera pamilomo ya makanda.

Koma a Evaristo anali mkamwini. Amakhala pakhomo la apongozi awo, a Nangozo, pomwe panali chimbudzi chotchuka chomwe amatengerako anthu kuti akaonere. Tsiku lina m'mawa mayi wina, a Fagness, akukathyola therere, anaona chipewa cha boma chitakolekedwa pachitsamba. Kuseri kwake kunali a Evaristo, atanyonyomala.

"Mwadzuka bwanji, a ukhondo?" anatero a Fagness. "Mukuyendera?"

Pofika masana nkhani inali itafika ku Mtakataka. Kulikonse komwe amatsika njinga, anthu amawalozera tchire. "Chanu chili uko, bwana." Sabata lomwelo ana awiri anagona ndi kamwazi, koma panalibenso womvera a Evaristo.

Tsiku la msika anaima pakati pa anthu, chipewa chili m'manja.

"Zimene anaona a Fagness ndi zoona. Ndinali ine. Ndingakhale bwanji pamene akhala apongozi anga? Nanga titakumana pakhomo pake, maso ndingaloze kuti?"

Kuseka kunatha. A Laisoni anakanda m'mutu.

"Nanga ife mumayesa timathawa chiyani, bambo?"

Zaka zitatu zonse akukalipira anthu, a Evaristo sanafunsepo funso limenelo. Amayesa manyaziwo ndi awo okha, enawo ndi uve chabe.

M'mawa mwake anatenga khasu n'kukumba chachiwiri kuseri kwa khola, khomo lake loyang'ana kumapiri. Choyambacho chinasanduka cha apongozi. Akamwini anzawo anabwera kudzaseka, kenaka anayamba kubwereka khasulo mmodzimmodzi. Mwezi usanathe, a Evaristo analowetsa mutu kwa a Laisoni, n'kutuluka misozi ili m'maso chifukwa cha fungo.

"Apa ndiye pali anthu," anatero, n'kuwagwira chanza.

Dzinja lotsatira, timanda tatsopano tating'onoting'ono tinachepa.

A Evaristo anamwalira chaka cha 1959 chisanathe. Obwera m'malo mwawo amaima pamsewu ndi nsapato zopukuta, n'kuwerenga madenga a zimbudzi chapatali. Wolowetsa mutu palibe. Kuseri kwa msika milu yabwerera, ntchentche zanenepa, ndipo a Fagness akamadutsapo amatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, n'kuimirira pang'ono.

"Akanakhalapo a Evaristo," amatero, "bwenzi atatiuza mwini wake."