Wotchi yamantha ya apongozi

Lolemba
Mvula. Mawondo akuwawa, zitunda za Sheffield zandimaliza. Ndinabwera kuno kudzalera Tako, khanda la mwana wanga Elube, osati kudzaonerera misala. Koma misala ilipo.

Apongozi anga, bambo a Tako, munthu wamadigiri, amalowa pansi pa madzi. Dala! Nsomba sagwirako. Amabereka botolo la mpweya kumsana, kukayang'ana matope, n'kubwerako akusekerera.

Lero abwera ndi mawotchi awiri aakulu obwereka ku kalabu yawo. Ati si mawotchi, ndi makompyuta, amakuuza nthawi yotuluka m'madzi. Loweruka avala onse awiri, aone yogula. Ine ndikufuna chimodzi basi: Elube asakhale mkazi wamasiye.

Lachiwiri
Akufotokozera mkazi wawo pabalaza. Ine ndili kukhitchini, khutu pachitseko. Kwathu munthu sukhala pampando umodzi ndi mpongozi.

Zomwe ndamva:
yakuda ndi yolekerera, imakusiya ukhalitse pansi.
yachikasu ndi yamantha, imati tuluka msanga.
mantha akewo amachita kutchera, 0, 1 kapena 2. Pa 2 ndiye mantha enieni.

Iwo akuti, "2 ndi ya madala onenepa, ine ndi wa ziro." Elube akuseka. Akuseka, khanda lili pabere!

Ndaganiza. Yachikasu, pa 2. Alowe, anyowe, atuluke.

Lachitatu
Ndatuma Elube kuti akawauze. Wangofika kuchokera ku naiti kuchipatala, maso ofiira. "Amayi, auzeni nokha, kuno ndi ku UK."

Ine? Kutsegula pakamwa kulangiza mkamwini? Ndiye kuti ndapenga.

Madzulo ndayesa njira yakwathu. Ndanyamula Tako, ndaima pakhomo, ndikulankhula ndi khanda mokweza: "Iwe Tako, anthu okhala ndi ana amasankha zachikasu, wamva?" Ndabwereza katatu. Tako wabzikula. Apongozi atembenuka, achotsa timawaya m'makutu, akuti, "Pepani amayi, mumafuna tiyi?"

Ndamwa tiyiyo.

Lachinayi
Elube ali mtulo, apongozi ali kuntchito. Mawotchi ali pathebulo. Ndavala magalasi, ndatenga yachikasu.

Mabatani ndi anayi okha koma nkhani zake! Ndadina limodzi, yawala. Ndadina lina, yayamba kulira ngati mwanapiye. Ndaikwirira ndi pilo. Kenako Chizungu chasintha, kwabwera chinenero china cha timadontho pamwamba. Thukuta. Dina, dina, dina, mpaka Chizungu chabwerera chokha, sindikudziwa kuti bwanji.

Ndiyeno ndaona 0. Ndadina, 1. Ndadina, 2. Aleluya! Sitandade faifi yanga yagwira ntchito.

Lachisanu
Mtima uli m'malo. Ndaimba nyimbo za kwaya potsuka mbale.

Apongozi akulongedza: chovala cha labala chonunkha ngati galu wonyowa, mapazi a chule, mabotolo, mitovu yomangirira m'chiuno. Munthu kudzimangirira zolemera kuti amire bwino!

Elube ali ofu mawa, ati tonse tipite. Ndavomera. Ndikaone ndi maso anga akutuluka woyamba.

Loweruka
Si nyanja ayi. Ndi dzenje lomwe ankaswamo miyala, linadzaza madzi akuda bii. Mphepo yolowa m'mafupa. Azungu akudya masangweji pambuyo pa magalimoto ngati palibe chachilendo.

Apongozi alowa, iwo ndi mnzawo. Ndaima m'mphepete ndi bulangeti.

Awiri atuluka. Si iwo. Ena awiri. Si iwo. Mayi wina wa imvi ngati ine watuluka, wavula, wamwa khofi. Apongozi ayi! Thovu lokha likutumphuka malo amodzi, pafupi ndi chingwe.

Ndakhala pansi pamatope, ndikuitana Yesu ndi maina ake onse.

Elube wafunsa mkulu wa kalabu, mzungu wadazi, n'kundimasulira. Ati wotchi yamantha, ukapyola nthawi yake, sikuthamangitsa ayi. Imakugwira. Umalendewera pachingwe pansi pompo mpaka mpweya woipa uchoke m'magazi. Mantha akachuluka, kudikiranso kumachuluka. Ukainyozera imadzitseka masiku awiri, ndiponso ukhoza kudwala.

Bwanji sananene zimenezo Lachiwiri?

Apongozi atuluka omaliza. Milomo yotuwa, mano akugundana. Mnzawo akutukwana. Yakuda inawalola kalekale, yachikasu ndiyo inakana. Apongozi akufunsa, "Ndani anaika pa 2?" Wadazi akuti mwina amene anabwereka poyamba. Ine ndikukonza chipewa cha Tako. Elube akundiyang'ana kwambiri. Ndikukonzabe chipewa.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, chimfine chandigwira. Ine, amene sindinalowe m'madzi.

Apongozi adzuka amphamvu. Ati sanamvepo kupepuka chonchi, masiku onse akachokera kumadziko amadzuka otopa. Agula yachikasu, ndipo aisiya pa 2 pomwepo. Ndiye kuti Loweruka lililonse azilendewera pachingwe paja nthawi yaitali kuposa kale.

Masana abwera, anjuta pakhomo la khitchini, maso pansi, akulankhula ndi Elube ine ndili pomwepo: "Uwauze amayi kuti zinandikhudza. Anthu onse anali m'magalimoto, iwo okha ataima pamphepo kundidikira. Aziperekeza nthawi zonse."

Elube waluma mlomo kuti asaseke. "Amayi, mwamva?"

Ndamva. Ndayankha kuti zikomo. Ndikanati chiyani?

Mawa ndikwera thiramu, kasitima ka m'tauni, ndikadzigulire masokosi aubweya.