Mizere Yokhota ya Bambo

Lolemba

Mvula yagwa dzulo tsiku lonse. Thonje tinabzala Loweruka, ndiye kuti mbewu yayamba kale kufufuma pansi. Mankhwala a udzu ayenera kugwa lisanamere, apo ayi ndi khasu mpaka Febuluwale, msana wa Amayi ndi wanga. Thirakitala ya gulu lathu la alimi kuno ku Muzvezve ifika pa munda wathu Lachisanu. Masiku anayi. Akwana.

Chaka chino tipopera ndi GPS. Ndanena ine, ndipo ndalemba.

Mmene timachitira panopa ndi zochititsa manyazi. Bambo amamanga thumba loyera la feteleza kunsonga kwa nsungwi n'kumayenda patsogolo. Mhofu, woyendetsa thirakitala, amangolondola thumbalo. Tsiku lonse. Munthu woti mawondo anathera mu mgodi ku Chakari, ndipo mphepo ikatembenuka mankhwala onse amathera kumaso kwawo.

Nanga mizere yake! Ndinaiona chaka chatha nditakwera pa chulu. Yokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Pena mankhwala agwa kawiri, pena sanafike. Zaka zinayi ndikuphunzira zaulimi, satifiketi ili pakhoma pafupi ndi kalendala, munda wathu n'kumaoneka choncho?

Zosankha zilipo zitatu:
1. Pulogalamu ya pafoni. Siifuna kugula kanthu. Koma imaphonya ndi mapazi angapo.
2. Kabokosi ka timagetsi. Uli pamzere, tobiriwira. Wapatuka, tofiira.
3. Makina okhotetsa okha chiwongolero. Awa ndi a m'maloto, komabe ndawalemba kuti azidziwa kuti ndikubwera.

Ndawauza Bambo pa sadza yamasana, nsima ya kuno, kuti chaka chino apumule. Akuti, “Chabwino, a Injiniya.” Kenako atenga mugwara wawo, chitsulo chachitali chija anabwera nacho kuchokera ku mgodi, n'kupita kumunda kukagogoda pansi. Amatero mvula ikagwa, chaka chilichonse. Ukalamba.

Lachiwiri

Kombi, minibasi ya kuno: yoyamba ya ku Kadoma, ina ya ku Chegutu. M'njira ndikuyesa pulogalamu ya pafoni. Ikuti kombi yathu ikuyenda m'munda wa chimanga cha munthu, pambali pa msewu. Nambala 1 yafa tisanafike.

Sitolo ya zipangizo zaulimi. Mayi wogulitsa ndi wokoma mtima, magalasi ali pamphumi. Wandionetsa nambala 3 ikugwira ntchito pa kanema: mzungu wakhala m'thirakitala akudya sangweji, chiwongolero chikudzikhotera chokha. Mtima wanga wapita. Mayiyo akufunsa kuti thirakitala yathu ndi ya chaka chanji. Ndayankha kuti ndi yaikulu kwa ine. Watseka kanemayo mwakachetechete.

Yatsala nambala 2. Ndipo imvani mwayi: ali nako kamodzi kongoonetsera alimi, andibwereka mpaka Lolemba. Ndasiya chitupa changa. Ndatuluka nditakumbatira katoni ngati khanda.

Zofunika, malinga ndi mayiyo:
moto wochokera ku batire ya thirakitala
denga lachitsulo pomata kambale komvera setilaiti (kali ndi maginito)
kudziwa kutambalala kwa mikono ya chopopera
munda wopanda zopinga

Zonse zilipo. Munda wathu ndi see ngati bwalo la mpira, chulu chimodzi basi.

Kunyumba Amayi akweza katoniyo, aigwedeza pafupi ndi khutu. “Kakang'ono chonchi kalowe m'malo mwa bambo ako? Kamadya chiyani?”

Lachitatu

Thirakitala ili kwa Mhofu. Ndapita ndi katoni yanga m'mawa.

Batire palibe. Ndikubwereza: PALIBE. Inafa zaka zitatu zapitazo. Mhofu amaimika thirakitala pamtunda pafupi ndi khola, m'mawa n'kuisiya itsetsereke mpaka italira. Pamalo pa batire pali chigubu cha maheu.

Denga lilipo, koma ndi chitseko chakale chamatabwa chomangidwa ndi waya. Maginito sakugwira. Ndayesa katatu ngati matabwawo asintha maganizo.

Mikono ya chopopera: buku likuti mamita khumi ndi awiri. Ndayeza ndi tepi, khumi ndi theka. Mkono wakumanzere unathyoka pa mtengo wa mupani, anaudula n'kuwotcherera. Ndiye thirakitala ili ndi dzanja lina lalitali, lina lalifupi. Kabokosi kakufuna nambala imodzi. Ndakapatsa yapakati.

Mhofu akundiyang'ana atatsamira tayala, akutafuna udzu. “Sisi, ine ndilibe nako vuto kabokosi kanu. Koma ine ndimatsata mudhara, bambo anu. Zaka zisanu ndi zinayi sindinagwepo.”

Kugwa kuti? Pamunda wa see? Anthu akaopa zatsopano amalankhula zilizonse.

Lachinayi

Batire yapezeka. Ndi ya sola ya kunyumba. Ndaichotsa Amayi ali ku msonkhano wa amayi a mpingo. Abwerako ndi anzawo anayi, aliyense foni m'manja kudzatchaja monga mwa masiku onse. Sindilemba zomwe zanenedwa. Zina zinali m'Chishona, zina m'Chichewa, zoopsa kwambiri zinali m'Chichewa.

Denga lachitsulo lapezekanso: chivundikiro cha mgolo wa madzi, ndachikhomera pa chitseko chija ndi misomali inayi. Kambale kamata, kuti phaa. Timagetsi tayaka! Setilaiti zisanu ndi zinayi zikutiona. Ndavina pang'ono kuseri kwa khola.

Masana ndazungulira malire a munda ndi kabokosi m'manja, batire pa wilibala. Ndaika chizindikiro A kumpoto, B kummwera. Pagalasi patuluka mizere yowongoka ngati ya m'kope latsopano. Ndinatsala pang'ono kulira.

Bambo ali pakati pa munda ndi mugwara wawo. Gu. Ayenda mapazi atatu. Gu. Aima, apendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi. Ndawaonetsa mizere yanga. Avala magalasi, ayang'anitsitsa.

“Yokongola. Koma kamamva pansi?”

Ndawafotokozera kuti kamamva kumwamba, ndipo kumwambako n'kumene kuli nzeru zonse masiku ano.

“Aikona,” atero, kukana m'chilankhulo chawo cha ku mgodi. “Munda uno suyenda mowongoka. Mzere wako wachitatuwu, usunthe.”

Ndawauza kuti mzere umodzi sungasunthe pawokha, ukasuntha umodzi yasuntha yonse. N'zoona, zili m'buku. Ayamba kunena za makorokoza, anyamata okumba golide aja, koma foni yanga yalira, mayi wa ku Chegutu akufunsa ngati kayaka. Pomwe ndimamaliza, Bambo anali atapita.

Madzulo ndaona nsungwi ya mbendera itatsamira nkhokwe, thumba atalimasula n'kulipinda bwinobwino. Chandikhudza pang'ono. Koma n'chifukwa cha mawondo awo omwe. Adzandithokoza.

Pakona ya munda nthaka yayamba kung'aluka timing'alu. Thonje likubwera. Mawa basi.

Lachisanu

M'mawa. Kulibe mphepo. Thanki yadzaza. Ndakhala pa chotchinga tayala pafupi ndi Mhofu, batire pakati pa miyendo. Bambo aima m'malire atavala jekete la kutchalitchi, manja kumbuyo, ngati mlendo woitanidwa.

Mzere woyamba: tobiriwira tokhatokha. Mhofu akuti, “Hoo.”
Mzere wachiwiri: wowongoka moti ungaulembe ndi rula. Mhofu wayamba kuimba.
Mzere wachitatu: ndikuona Bambo akuvula chipewa n'kumachikupiza m'mwamba. Ndikuganiza kuti agonja, akusangalala. Ndikuwakupizira dzanja nanenso. Kenako ayamba kuthamanga. Bambo. Kuthamanga. Sindinawaonepo chibadwire.

Mhofu wawaona mochedwa. Waponda buleki, koma tayala lakumbuyo lapita kale. Pansi pangoti fwaa, thirakitala yakhala chammbali ngati ng'ombe yotopa, mkono wautali uja kuloza kumwamba. Ine ndili m'matope, batire pamimba. Timagetsi tikadali tobiriwira. Malinga ndi setilaiti zisanu ndi zinayi, tili pamzere ndendende.

Palibe wavulala. Thanki sinatayike.

Bambo afika akupuma ngati mvukuto. Sanayang'ane thirakitala. Andigwira mutu, mapewa, manja, kuwerenga zala ngati ndangobadwa kumene. Kenako akhala pansi pomwepo m'matope ndi jekete lawo, chifukwa mawondo akana.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndikuilemba kuti ndisadzaiwale. Zaka zomwe ndinali kusukulu yogonera komweko, makorokoza anakumba munda uno m'chilimwe, maenje ndi tinjira tapansi ngati mfuko. Anakwirira pamwamba pokha. Pulawo inasalaza, maso sangaone. Mvula ikagwa, pansi pamafewa. Ku Chakari ntchito ya Bambo inali kugogoda denga la mgodi ndi mugwara, kumvera ngati mwala uli ndi mphako anthu asanalowe. Ndi zomwe amachita m'munda muno. Mizere yokhota ija imazemba maenje.

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Amayi ayankha ndiwo: “Anakuuza dzulo. Unali pa foni ndi setilaiti.”

Loweruka

Otulutsa thirakitala ndi makorokoza omwewo. Abwera asanu ndi mafosholo ndi zingwe, Amayi awalonjeza sadza ndi nkhuku. Mkulu wawo wasuzumira m'dzenjemo n'kupukusa mutu. “Ili si lathu ili. Lathu lili apo.” Akuloza mzere wanga wachinayi.

Yatuluka dzuwa lili pamutu. Palibe chathyoka, kupatula chivundikiro cha mgolo chomwe chapindika, ndipo Amayi achiona.

Vuto: mawondo a Bambo atupa ngati maungu. Sangayende. Timing'alu tija tafika pakati pa munda. Mawa likhala litamera, ndipo mankhwalawa akagwera pa thonje lomera amaliwotcha. Ndi lero kapena khasu.

Ndapita ndekha kunkhokwe. Ndatenga nsungwi, ndafunyulula thumba, ndamanga. Mfundo yoyamba yamasuka. Bambo andionetsa yawo.

Ndiye zakhala chonchi: Bambo pa chotchinga tayala, pamalo panga pa dzulo, atakhalira pilo. Ine patsogolo ndi mbendera. Iwo akuloza ndi chipewa, ine ndikukhota, Mhofu akulondola ine.

“Kumanja, a Injiniya. Kumanjanso. Imani. Pamenepo pali la Mabhena, n'lakuya.”

Maenje ali ndi maina! La Mabhena, la Awiri Aja, la Galu, la Pasaka. Khumi ndi anayi onse pamodzi.

Tamaliza dzuwa likulowa. Miyendo sindikuimva. Mphepo inatembenuka kawiri, ndalawa mankhwala. Zaka zisanu ndi zinayi akhala akulawa zimenezi.

Lamulungu

Thonje lamera. Timitu tobiriwira munda wonse. Tapulumuka ndi usiku umodzi.

Batire yabwerera pa sola. Kabokosi kali m'katoni, ndakapukuta matope ndi mswachi wakale. Mawa kabwerera ku Chegutu, ndikatenge chitupa changa. Kalibe mlandu. Kanachita zomwe ndinakauza.

Kutchalitchi sitinapite, ine ndi Bambo, tonse miyendo. Takhala pakhonde, mapazi awo m'beseni la madzi ofunda. Akufunsa, osandiyang'ana:

“Foni yakoyo, ija imaphonya. Ingathe kusunga malo?”

Ndati ingathe, koma molakwika ndi mapazi angapo.

“Ulembe dzenje lililonse, uwonjezere mapazi akewo kuzungulira. Mawondo awa atsala ndi mvula imodzi, mwina ziwiri.”

Masana tapita, iwo pa wilibala, ine wokankha. Pa dzenje lililonse andipatsa mugwara. Gu. “Wamva?” Sindinamve kanthu. Mapazi atatu. Gu. “Nanga apa?” Chimodzimodzi. Pa la khumi ndi chimodzi, la Galu, mwina ndamva kusiyana pang'ono, ngati kugogoda mgolo wopanda madzi. Mwinanso ndimangofuna kuwasangalatsa. Akuti zinawatengera zaka ziwiri, ndipo amene ankawaphunzitsa ankawamenya ndi chipewa cholimba cha mu mgodi.

Zaka ziwiri! Ine ndimafuna zonse zithe Lachisanu.

Ndabwerera pa tsamba la Lolemba, pansi pa nambala 3 ndawonjezera:

4. Bambo. Safuna batire. Safuna denga lachitsulo. Amamva pansi. M'sitolo mulibe ena.

Mugwara ausiya pakhomo pa chipinda changa. Ukulemera kwambiri.