Korali Amene Ndinamudyetsa Chidulo

Mukusekanji, a Nampuntha? Sekani bwino, mano atatu otsalawo angagwere m'tiyi. Ndanena ndipo ndibwereza pamaso pa nonsenu: Domasi yense uno, kuyambira ku Naisi mpaka kumene Malemia athera, palibe munthu wina anawetapo mwala mpaka kunenepa koma ine ndekha. Wokayika akokere mpando kuno, ndisamachite kukuwa.

Nkhani inayamba ndi mwana wanga Linile, wamkazi mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ndi Alubeto, mwamuna wa ku Nacala woweta nsomba za m'magalasi. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini amamanga kwa mkazi. Malo tinawaonetsa, kuseri kwa nyumba pafupi ndi nthochi paja, koma iye anatenga mwana wanga n'kupita naye kunyanja ya mchere, ndipo zinandiwawa, sindibisa. Atabwera kudzationa anatsitsa thanki yagalasi, mapaketi a mchere wa kwawo, kapampu, sola, ndi kamwala kanthambi kotalika ngati chala changachi kali m'madzi. Akuti dzina lake ndi korali, ndipo ndi kamoyo.

"Bambo," anatero atanjuta poteropo monga mkamwini waulemu, "ine ndili ngati kameneka, kutali ndi nyanja ndimafota. Kakakhala moyo pakhomo pano chaka chathunthu, tidzabwera kudzamanga."

Mukumva? Kamwala kakafa, mwana wanga wapitiratu. Ndiye anandifotokozera kuti korali amamanga mafupa ake ndi zinthu ziwiri, kasiyamu, ija ili m'zigoba za mazira, ndi mphamvu ina yoletsa madzi kuwawasa, ndipo ziwirizi zikatha m'madzi amayera mbee n'kufa. Njira zobwezeramo akuti zilipo zitatu, ndisankhe ndekha: madzi a laimu, kapena mabotolo awiri, lina la kasiyamu lina la soda, kapena makina okhala ndi botolo lachitsulo la mpweya osungunula miyala. Makinawo ndinawakana pomwepo, sindingaike pabalaza chinthu chopuma ngati munthu wa mphumu.

Atapita ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinati, munthu wanjala sumufunsa kuti usankha ndiwo iti, umangomupakulira zonse, ndiye ndinatenga laimu wotsala popaka tchalitchi, ndi botolo loyamba limene anandisiyira, ndi lachiwiri, ndi soda yense wa amake Linile, n'kukhuthulira m'thankimo kamodzin'kamodzi. Abale anga! Madzi anayera ngati mkaka, kenako anachita phala, kenako anauma gwa, moti kansomba kamizeremizere kamene kanali mmenemo kanakanirira pakati kukamwa kuli yasa, ndipo ndinachita kukasema ndi chizulo masiku awiri, potuluka kanandiyang'ana koipa n'kundilavulira kamwala pamphumi, chipsera chake ndi ichi, bwerani mugwire. Nanga korali uja? Anali atayera mbali yonse, kutsala kansonga kokha kobiriwira.

Ndinatulukira kuseri n'kuima pamalo a Linile paja, udzu utamera tho, ndipo ndinaona ngati ndamuthamangitsa ndi manja angawa.

Amake Linile anali pakhonde akudula therere, chidebe chawo chobooka pansi chili pambali, chodzaza phulusa la zitsononkho, chidulo chikudontha m'mbale.

"Abambo a Linile," anatero osandiyang'ana n'komwe, "munandionapo ndikukhuthulira chidulo chonse mu therere? Chimalowa pang'onopang'ono, ukulawa."

Nzeru imeneyo ndinali nayo kale, anangoyamba kuinena ndi iwo. Ndinasintha madzi onse, ndinaboola zitini ziwiri ndi singano n'kuzipachika pamwamba pa thanki. Mmawa chitini cha kasiyamu, zigoba za mazira zosinja zosungunula mu viniga. Dzuwa likapendeka chitini cha chidulo, kuletsa kuwawasa kuja. Ziwirizi zisakumane, ngati mkamwini ndi apongozi ake aakazi panjira, uyu akadutsa uyo apatuke. Poyezera sindinafune timabotolo tamitundu timene anasiya Alubeto, lilime langali linkakwana, ndikangoviika nsonga ndinkadziwa kuti lero kwachepa madontho anayi ndi theka.

Tsopano gwirani mipando. Sabata yoyamba korali anabiriwira, yachiwiri anaphuka nthambi, yachitatu ndikumwa tiyi ndinamva phwaa, galasi lasweka, madzi osatayika chifukwa korali anali atamanga kale thanki yakeyake, ndipo pofika mwezi anali atatulukira pawindo, kukwera mtengo wa mango, kubwerera pansi, kulowa m'khola, nkhuku n'kuyamba kumujompha, mazira amene zinkaikira osasweka ngakhale ndi hamala, moti lina linagwa pangolo n'kuthyola mwendo wa ng'ombe, anthu n'kumabwera kudzagula omangira maziko a nyumba! Mukumva? Mbuzi zimene zinkanyambita mchere wake zinamera nyanga zanthambi, ina inakodwa m'mawaya a magetsi ikungoyenda pansi. Agogo ena a ku Domasi Mission, opanda ndi dzino limodzi lomwe, anangotsamira korali uja popuma, pofika kwawo anali akutafuna mzimbe ndi mano a mizere iwiri. Inuyo a Nampuntha mukanabwera nthawi imeneyo bwenzi pano mukuseka ndi m'kamwa modzaza.

Mvula itabwera kunachita mitambo sabata yathunthu, sola inagona, pampu inaima. Mukuganiza ndinatani? Ndinadula bango, ndinaviika m'madzi, ndinauzira masiku asanu ndi limodzi osakokako mpweya, ndikudya ndi mbali ina ya kamwa, ndipo thovu lake linkaphulikira pamwamba pa phiri la Malosa anthu n'kumati kukugunda mabingu. Korali atamva kukoma anawoloka mtsinje wa Domasi n'kusanduka mlatho, anafika pamsewu wa Zomba-Liwonde, maminibasi n'kumadutsa pansi pake makondakitala atawerama, ndipo tinsomba tamitundumitundu tinkauluka m'nthambi zake ngati mpheta. Ndikunama ine? Ndine munthu wa mumpingo!

Mukufunsa kuti ali kuti lero? Funso labwino. Tinamugumula, tinamuotcha, tinapaka njereza nyumba zonse za kwa Malemia, n'chifukwa chake zimawala choncho.

Chaka chitakwana, Linile ndi mwamuna wake anatsika basi pa Naisi, Linile ali ndi khanda kumbuyo. Alubeto sanakhale ndi pansi pomwe, analunjika pabalaza, anagwada pa thanki paja n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa rula m'thumba.

Inde, thanki yomwe ija. Chabwino, galasi silinasweke kwenikweni. Ndipo poti amake Linile ndi awo akubwera apo ndi madzi pamutu, ndinene msanga asanafike: korali uja anangowonjezerako ngati chikhadabo changachi, basi, ndipo kuyambira tsiku la phala lija ine anandiletsa kukhudza zitini, amadonthetsa ndi iwowo, timabotolo toyezera tija amatigwiritsanso ntchito, ine ntchito yanga ndi kudya mazira kuti zigoba zipezeke.

Koma Alubeto anaimirira n'kunena kuti, "Bambo, kali moyo. Njerwa tiumbira pati?"

Linile analira, inenso ndinati fumbi landilowa m'maso. Ndiye sekani mmene mungathere, a Nampuntha, mlatho uja mutha kuukana, mbuzi zija muzikane. Koma dzukani musuzumire kuseri, pafupi ndi nthochi paja. Nyumba yamalata atsopano ija ndi ya ndani, ndipo amene akuyanika matewera pachingwe apoyo ndi mwana wa ndani?