Koleji Yanga Yachita Tchire

Lolemba

Bambo aimba foni. Lamulungu likubwerali kutchalitchi kwathu ku Ntcheu kuli mwambo wa chithokozo, ndipo alonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti adzaonetsa chithunzi cha sukulu imene mwana wawo wapezako malo ku Mangalande. Mwanayo ndine. Akundiuza atalonjeza kale.

Gwero la zonsezi ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo mnzawo. Chaka chatha anabweretsa chithunzi cha mwana wawo ali ku China, kumbuyo kwake chinyumba chagalasi cha nsanjika zisanu ndi ziwiri, ndipo mpaka lero chili pa bolodi ya kuvesitire. Bambo akhala akuchiyang'ana chaka chathunthu ngati chinawatukwana.

Ine mantha ndilibe. Koleji yanga ili ku Cambridge, ndi ya miyala, ndi yakale kwambiri, ndipo anthu amakwera ndege kudzangoijambula.

Zofunika:
jekete yanga yofiira
batire lodzadza
dzuwa, ngati lingandimvere chisoni
chithunzi chifike Loweruka m'mawa, chifukwa wotsuka zithunzi wa pa boma amatseka masana.

A Mbewe akonzeke.

Lachiwiri

Ndapempha tsiku kuntchito. Kuchoka ku Lewisham, kumene ndikukhala mu London muno, m'mamawa, sitima ziwiri, ndafika dzuwa likuwala ngati ndalilipira.

Khoma lake! Kuyambira pansi mpaka kudenga layangidwa ndi chomera chija azungu amati aivi, masamba ena obiriwira, ena ofiira psuu chifukwa chisanu chayandikira. Mazenera akungosuzumira m'masambamo. Ine, mwana wa ahedi a ku pulayimale, ndidzalowa pa khomo limeneli masabata awiri akubwerawa.

Ndajambula khoma patali, khoma pafupi, khoma ndi njinga, khoma ndi ine. Ndasankha chokongola koposa, chimene masamba akuchita kulendewera pamutu panga, n'kutumiza pa gulu la banja la pa foni.

Onse aona. Palibe wayankha. Ngakhale Azakhali, amene amayankha "Ameni" ndi pa uthenga wa maliro a nkhuku, ali chete. Ndikuganiza kuti kukongola kwawatseka pakamwa.

Lachitatu

Sikunali kukongola.

Ndatsegula foni nthawi yopuma, tiyi ali m'manja, ndipo tiyiyo wazizira ndisanamwe.

Mayi: "Mwanangu, ngati anthu akupusitsa usachite manyazi. Tiuze. Pakhomo pano ndi pako."

Mchimwene wanga Yamikani: "Eni ake anasamuka liti?"

Azakhali: "Chimenecho ndi chitedze. Choka pamenepo." Kenako atumiza pemphero lalitali lothamangitsa njoka.

Mayinso: "Nanga masamba ofiirawo? Ngakhale tchire lenilenilo likudwala."

Bambo sanalembe, aimba. Ndinayenera kudziwiratu. Munthu uyu pa sukulu yake udzu sunkafika m'kakolo. Miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu teremu iliyonse, ndipo wochedwa aliyense ankapeza chikwakwa chikumudikira pa khomo la ofesi. Kwa iwo sukulu imayambira pabwalo, mabuku amabwera pambuyo.

"Ahedi a pamenepo ndani? Palibe ana ochedwa?"

Ndafotokoza kuti masambawo amawasiya dala, ndi ulemerero wa malowo, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yowasamalira.

"Ndiye kuti amalandira malipiro kuti asalambule."

Kenako motsitsa mawu ati akapempha abusa awachotse pa pulogalamu, sangaimike bwinja pafupi ndi galasi la a Mbewe. Zandipweteka kwambiri. Ndawapempha andipatse mpaka Loweruka.

Lachinayi

Pobwera kuntchito ndafufuza zithunzi zonse za Lachiwiri, kufuna khoma lopanda tsamba. Ndapeza:
chitseko cha kuchimbudzi
pomangirira njinga
bini, koma nayonso masamba ayamba kuikwera.

Ndayesa kufufuta masambawo ndi foni. Afufutika pamodzi ndi mazenera ndi theka la denga. Tsopano koleji ikuoneka ngati inapsa.

Kenako foni ya Amalume a ku Barking, mu London momwemuno. Ndi achibale a Mayi, anakulira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe, pano amayendetsa basi, ndipo palibe vuto limene iwo amaliona lalikulu. Mayi awauza zonse.

"Don't worry, muphwa, mawa ndili off. Ka bush kameneko ndi five minutes. Chikwanje chili mu shed."

Ndawapempha mwaulemu wonse kuti asakwere sitima ya ku London atanyamula chikwanje. Akuti dziko lino anthu amaopa ntchito. Tagwirizana kuti abwera chimanjamanja, ntchito yawo ndi kundijambula basi, tikafune mbali ina yoyera.

Lachisanu

Mvula. Amalume abwera atavala suti ya kutchalitchi.

Tangolowa pa geti aona kapinga wa pakati pa bwalo, wometedwa bwino ngati mutu wa msilikali, pali chikwangwani choletsa kupondapo. Aima n'kugwira m'chiuno. "Pansi pofunika kuyenda ameta n'kuletsa anthu. Khoma lofunika kumeta alisiya. Ndiye ophunzira kwambiri amenewa?"

Tazungulira koleji yonse, mbali yoyera kulibe. Ndawerama kupukuta magalasi anga. Mphindi imodzi sinakwane. Podzuka ndapeza Amalume apinda manja a jekete, phazi limodzi lili pakhoma, m'manja muli mtolo wa masamba wokwana kudyetsa mbuzi ziwiri.

Ndatembenukira ku geti.

Mlonda wa pa geti, bambo wachikulire wa chipewa chakuda chozungulira, akubwera mwaliwiro, koma akuzungulira kapinga uja, osamuponda ngakhale pa ngozi yotere. Wafika ali wefuwefu. Walankhula mwaulemu kwambiri, kuti chomeracho chinabzalidwa agogo ake asanabadwe, ndipo angakondwe ngati bwana atachisiya. Ulemu wake wachuluka moti Amalume ayesa akuwathokoza.

"Don't mention," atero, n'kumupatsa mtolowo.

Watiperekeza mpaka kunja, masamba ali m'khwapa. Pa geti wandifunsa ngati ndine mlendo wodzaona malo. Pakamwa panga, popanda kundifunsa, payankha kuti ayi, ndikuyamba maphunziro pompano. Walemba dzina langa. Walilemba molondola, chilembo ndi chilembo, chinthu chimene mzungu sanachitepo chibwerereni kuno.

Pamene anazula Amalume patsala khoma lakuda bii, chisa chakale ndi nkhono zitatu. Mu sitima atumizira Mayi lipoti: "Njoka sindinaione, koma pogona pake ndapaona."

Chithunzi palibe.

Loweruka

Yamikani walemba m'mamawa kuti ali kale pa boma, wotsuka zithunzi akudikira, ndipo Bambo sanadye.

Ndatuluka osadziwa kumene ndikupita, jekete yofiira ili pathupi. Pa siteji ya basi ndakweza maso. Tsidya la msewu pali chinyumba chatsopano chija ndimachidutsa tsiku lililonse osachiyang'ana. Galasi ndi zitsulo, mbee, chonyezimira ndi mvula ya dzulo. Palibe tsamba ngakhale limodzi. Ndi moimika magalimoto.

Ndabwerera kunyumba kukatenga buku lalikulu. Ndapempha mayi wina wokankha mwana kuti andijambule, ndipo ndamuvutitsa katatu mpaka mutu wanga utabisa chikwangwani cha mitengo ya pa ola. Ndatumiza popanda kulemba chilichonse. Sindinanene kuti ndi koleji. Sindinanenenso kuti si koleji. Mulungu akudziwa kuti ndinangotumiza.

Azakhali: "Ameni! Ameni!"

Mayi atumiza nthungululu.

Bambo: "Bwanji sunayambe ndi chimenechi? Ndawerenga, nsanjika zisanu ndi zitatu. Tawaposa ndi imodzi."

Adya.

Lamulungu

Yamikani watumiza kanema. Bambo aima kutsogolo, suti ya buluu, chithunzi chili mu felemu, achikweza ndi manja awiri. "Taonani ukhondo wake," akutero. "Udzu ngakhale umodzi." Mpingo ukuomba m'manja.

A Mbewe afunsa chifukwa chake m'nsanjika iliyonse mukuoneka magalimoto. Bambo, osaphethira: "Ndi a aphunzitsi. Aliyense amaimika pa khomo la kalasi yake." A Mbewe akhala pansi.

Kenako Bambo atchula dzina langa, mawu awo n'kuduka. Avula magalasi. Chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro. Ndalira nawo, ndili ndekha pa bedi, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana.

Chithunzi cha masamba chija ndachiika pa foni yanga, poti wochikonda ndatsala ndekha. Kalata yopepesa kwa mlonda ndailemba theka.

Masana ano Bambo aimbanso. Akuti tsiku lomaliza maphunziro anga adzabwera, ayamba kale kufunsa za pasipoti, ndipo a Mbewe apempha kuwaperekeza. "Ndikufuna ndidzaime pomwe unaima iwepo," atero, "ndidzagwire khoma limenelo ndi dzanja langali."

Ndayankha kuti chabwino, Bambo.

Ndapita kukagula buledi. Pa geti la koleji yanga yagalasi ija pali mzere wa magalimoto, ndipo chikwangwani chikuti malo atha.